Chisoti Chachikasu Pamasamba a Maliro

Loweruka lililonse, dzuwa lisanakwere, okwera njinga zamipikisano ankatsikira pa tiyirumu ya a Mwamadi, pamphambano pomwe msewu wa ku esiteti umakumana ndi wa ku Makwasa. Njinga ankaziyedzeka pakhoma, eni ake n'kukhala pabenchi miyendo atawongola, ndipo mkangano unkayamba tiyi asanafike.

Tikhala sankakwera njinga zoterozo. Ankabwera chifukwa cha Malizani, mnyamata wa ku Dowa wogwira ntchito mu ofesi ya pa esiteti. Chibwenzi chawo chinali chitafika poti mwezi ukatha Malizani akaonekere kwa amalume ake a Tikhala, a Andreya, ku Kapichi. Tsikuli Tikhala anabwera ndi jumbo, naikhazika pamiyendo.

"Chisoti chimapusitsa munthu," Malizani ankalalikira monga mwa masiku onse. "Ukachivala umadziona ngati chitsulo, umatsika phiri ngati wolodzedwa. Mutu ukakhala pamtunda umaopa, ndipo mutu woopa ndi umene umagwira buleki nthawi yabwino."

"Mukawafotokozere zimenezo anamwino akamakusokani," anatero Mervin, mphunzitsi wamtali amene ankapalasa atavala chilichonse chopezeka m'masitolo a ku Limbe. "Ine chimene ndimakana ndi madzi. Munthu wokonzekera mpikisano asamamwe panjira. Thupi lizolowere ludzu."

"Nchifukwa chake mumafika pano milomo ili mbuu ngati mwadya ufa," anatero a Mwamadi akuika makapu patebulo. "Nonsenu ndinu ana. Ine ndapalasa kabaza thumba la chimanga lili kumbuyo, mwini thumba ali pamwamba pake, patapata kuphazi. Mukufuna mphamvu? Siyani tinjinga topepuka ngati mpando wa pulasitiki, mukwere yakuda. Ndipo timakabudula tanu tothinati, mayi a kunyumba amathawira kukhitchini mukamafika."

Pearl anaseka kuposa onse. Anali mwana wa amanejala a pa esiteti, wokulira ku Blantyre, ndipo ndiye anali mkazi yekha m'gululo. Anatukula phazi kuonetsa nsapato zake zatsopano, zija zimakola pa pedulo kuti phazi lisamaterereke.

"Msampha umenewo," anatero Malizani.

"Zimachoka ukapotoza chidendene."

"Mwaphunzira kupotozako?"

"Ndikuphunzira," Pearl anayankha akukankhira kumbuyo meshi yake yofiira. Onse ankadziwa kuti sabata yapitayo anagwa njinga itaima, mapazi atakanirira, chisoti chake n'kung'aluka pamwala.

Apo ndi pomwe Tikhala anatsegula jumbo. Munali chisoti chachikasu, chowala ngati papaya wakupsa. Chinali chitagona masiku angapo pamwamba pa kabati ya amayi ake, mayiwo akuchiseka kuti mkamwini wawo azioneka ngati chiswe chonyamula dzira.

"Mfundo zako ndazimva," anatero Tikhala. "Koma mutuwo amalume akufuna akauone uli wathunthu."

Anamuveka yekha. Lamba wa pachibwano anachita kumutambasula mpaka kumapeto kuti akwane.

"Mitu ya ku Dowa," a Mwamadi anapukusa wawo. "Amasungiramo fodya."

"Uzivala?" Tikhala anafunsa.

"Ndizivala."

"Lonjeza."

"Ndalonjeza pamaso pa a Mwamadi ndi zitumbuwa zawo."

Mervin sanaseke nawo. Anayang'ana manja a Tikhala ali pachibwano cha mnzake, kenako anayang'ana m'kapu mwake.

* * *

Mwezi usanathe, akazi a amalume ake, mayi Mildred, anamwalira. Sanadwale nthawi yaitali. Anthu a m'mudzi anathyola nthambi za mango nazigoneka pamsewu, kumtunda ndi kumunsi kwa nyumba ya siwa, monga zimakhalira. Aliyense wodutsa amadziwa chochita akaona masamba: wa galimoto amachepetsa liwiro, wa chipewa amavula, wa njinga amatsika n'kuikankha mpaka atapitirira masamba enawo.

Nyumba ya a Andreya ili m'munsi mwa chitunda, pomwe msewu wochokera m'minda ya tiyi umatsetsereka usanafike pa mlatho. M'mawa wa Loweruka, tsiku loika maliro, kunali chiperoni. Tikhala ankachokera ku mjigo ndi amayi ena, ndowa zili pamutu, ndipo anali atangoponda msewu pomwe anamva kulira kwa tcheni.

Njinga inatulukira pakati pa tiyi ikuthamanga. Wokwerayo anali atawerama, jekete lamvula lakuda, magalasi akuda, chisoti chachikasu. Pamasamba sanatsike. Anangowaponda, nthambi imodzi n'kuulukira m'ngalande. Mayi wina wachikulire analumphira kumbali, ndowa yake n'kutayika. Njinga inadutsa pakhomo pomwe azibambo anakhala, inaponda masamba akumunsi, inawoloka mlatho, basi.

Nyimbo ya m'nyumba ya siwa inadukiza pang'ono, kenako inapitirira.

A Andreya anali pampando pansi pa mpeyala. Anatsatira njingayo ndi maso mpaka itabisika. Koma amayi ake a Tikhala, mayi Margret, anali pakhonde, ndipo chisoticho ankachidziwa ngati mbale ya m'nyumba mwawo. Anayang'ana mwana wawo. Tikhala anatula ndowa, nayamba kutola masamba omwazikawo kuwabwezera pamsewu.

Malizani anafika masana, wapansi, atavala jekete la ku tchalitchi. Anapepesa maliro mwaulemu wonse, anapita nawo kumanda, anagwira nawo fosholo. Anthu ankamupatsa moni ndi nsonga za zala.

* * *

Maliro atatha, Tikhala anamulembera Malizani uthenga pa foni.

"Loweruka m'mawa unadutsa msewu wa kwa amalume?"

Yankho linachedwa. Litabwera linali lalifupi. "Tikambirana pamaso."

"Ndi funso la eya kapena ayi."

"Ndikudziwa. Tikambirana."

Madzulo ake kunabwera Mervin kudzapepesa, atanyamula paketi ya shuga. Njinga yake anaikankha kuchokera pa mlatho, ngakhale masamba anali atachotsedwa kale, ndipo chisoti anachigwira m'manja kuti aliyense aone. Atacheza ndi akuluakulu, anamupeza Tikhala kuseri akusenda nandolo.

"Pepani, achemwali. Zinthu ziwiri nthawi imodzi."

"Chachiwiri ndi chiti?"

"Anthu akuyankhula." Mervin anakhala pa mtondo wogubuduzika. "Ine sindinena zambiri, Malizani ndi mnzanga. Koma amakonda kunena kuti munthu ukayamba kutsetsereka usamaime, umaononga miyendo. Mwina mfundo zija zinafika pamasamba."

"Munali naye Loweruka?"

"Gulu linagawikana. Ine ndinadzera ku Boma. Iye anatsala ndi Pearl, amati akumuphunzitsa za nsapato zija." Anatola khoko la nandolo, nalitembenuza. "Amaphunzitsana kawirikawiri masiku ano. Ine ndimaona ngati mukudziwa."

Tikhala anapitiriza kusenda. "Zikomo chifukwa cha shuga, aphunzitsi."

"Munthu ngati inu simuyenera kumafunsa kawiri," anatero Mervin akuimirira. "Ena tikanapatsidwa chisoti chimenecho, bwenzi tikugona nacho."

* * *

Tikhala ndi Malizani anakumana panjira ya pakati pa minda ya tiyi, pomwe pali mitengo ya bulugamu. Othyola tiyi anali ataweruka, mizere yobiriwira ili zii mpaka kuphiri. Malizani anabwera akukankha njinga, chisoti chikulendewera pa handulo.

"Amalume akukufuna Lamulungu," anatero Tikhala. "Sanakwiye mokuwa, iwo sakuwa. Koma amayi akuti munthu woponda masamba a maliro sangakhale pakhomo pawo. Akuti lero waponda a alamu awo, mawa adzaponda awo."

"Ndipita."

"Unali iwe?"

"Chisoti ndi changa, Tikha. Aliyense anachiona."

"Sindinafunse za chisoti."

Malizani anayamba kukanda matope pa tayala ndi kamtengo. Tikhala anachotsa chisoti pa handulo, nachitembenuza. Lamba amene iye anamutambasula mpaka kumapeto anali atafupikitsidwa, kenako n'kubwezedwa mosalongosoka, mbali imodzi yaitali kuposa inzake. Pa kachingwe ka kumbuyo panakola tsitsi limodzi lalitali, lofiira, la meshi.

Analichotsa pang'onopang'ono, naliika pachishalo cha njinga. Onse awiri analiyang'ana mpaka mphepo italitenga.

"Chake chinang'aluka," anatero Malizani motsitsa. "Kunali chiperoni, msewu woterera. Ndinaona kuti iye ndiye angagwe, osati ine. Ndinatsalira kumtunda tcheni itaduka. Iye anatsogola, anaona masamba mochedwa, mapazi anakanirira. Akuti akanagwira buleki mwamphamvu akanagwera pakati pa anthu."

"Ndiye unapalasa wopanda chisoti."

"Eya."

"Mphatso yanga ili pamutu pa wina."

"Eya."

Tikhala anapumira m'mwamba. Anadabwa kuona kuti mtima wake wapepuka m'malo molemera.

"Tamvera, Malizani. Zoti unabwereketsa chisoti ndi mlandu wa iwe ndi ine. Ndikwiya, ndisiya kuyankha foni, kenako zitha. Koma za masamba ndi mlandu wa mbumba yonse, ndipo ine sindingauthetse. Lamulungu ukanene zoona. Ukangoti sindinali ine, chisoti ndinabwereketsa. Basi."

"Adzafunsa kuti ndani."

"Udzawauza."

"Theka la mudzi wanu limathyola tiyi kwa bambo ake. Zikamveka kuti mwana wa amanejala anaponda maliro a ku Kapichi, sizithera pa mpeyala paja. Ndipo bambo akewo akamva, njinga amulanda, amubweza ku Blantyre."

"Akabwerera ku Blantyre, iwe chikukupweteka n'chiyani?"

Malizani anayambanso kukanda matope pa tayala. Tikhala anamubwezera chisoti.

"Lamulungu," anatero, nabwerera yekha.

* * *

Lamulungu masana a Andreya anayala mphasa pansi pa mpeyala. Anali munthu wochepa thupi, wometa kumene chifukwa cha maliro, woyankhula ngati akuopa kudzutsa mwana. Mayi Margret anakhala chapatali, nsana atatembenuzira theka kwa mlendo. Tikhala anakhala pakhonde pomwe ankamva zonse.

Malizani anafika wapansi, chisoti chili m'manja. Anagwada, napereka moni.

"Achimwene," anayamba a Andreya, "ine sindidziwa kukoka nkhani. Tsiku lomwe tinkaika mayi a pakhomo pano, njinga inadutsa apa ngati pamsewu palibe kanthu. Maso anga ndi okalamba, nkhope sindinaione. Ndinaona chipewa icho. Chipewa chimabwerekedwa, chimabedwa, chimafanana ndi china. Ngati simunali inu, nenani, timwe thobwa, tikambe za ankhoswe."

Tikhala anagwira mzati wa khonde. Khomo linali lotsegula, amalume ake anachita kulitsegula okha. Chinangotsala n'kulowa.

Malizani anayang'ana mphasa.

"Ndinali ine, bambo. Ndinatsetsereka mothamanga, masamba ndinawaona mochedwa. Ndinachita manyazi kubwerera. Ndalakwira inu, ndalakwira malemu, ndalakwira mudzi."

Mayi Margret anaomba m'manja kamodzi, nayankhula mwachangu m'Chilomwe, chimene ankachita akafuna kuti mlendo asamve. Tikhala anamva zonse: kuti anawauza kale, kuti anyamata a m'maofesi ndi choncho, kuti mwana wawo sanasowe omufuna, mphunzitsi uja anakankha njinga kuchokera pa mlatho.

A Andreya anawasiya mpaka atamaliza. Kenako anayankha m'Chichewa, kuti mlendo amve.

"Achemwali, malemu aja ndakhala nawo kuyambira ndili wopanda ndevu. Akanakhala pano akanaseka, akanati ameneyo amathamangira kukandiitanira abusa. Ine usiku wonse ndimaganiza kuti mnyamatayu abwera ndi nthano. Ati chipewa chinabedwa, ati anali mnzake. Ndinali nditakonzeka kumuthokoza n'kumuuza kuti asadzapondenso pano." Anatembenukira kwa Malizani. "Wolakwa timamulipitsa nkhuku, nkhani n'kutha. Koma wabodza sitimupatsa mwana, chifukwa bodza silikhuta. Inu mwanena chinthu chokuvutani kunena. Mubweretse nkhuku yoyera, mukapepese kwa mayi aja anataya madzi. Ndipo chaka chino chonse, mukamabwera kuno, njinga muzitsikira pamtunda paja."

"Ndamva, bambo."

"Ankhoswe anu abwere tikachotsa zovala zakuda. Chipewacho muzivala. Mutu ndi umodzi."

Mayi Margret anaimirira, nalowa m'nyumba osatsanzika. A Andreya anaitanitsa thobwa. Tikhala anabwera nalo atagwada, ndipo Malizani polandira kapu sanamuyang'ane kumaso.

* * *

Tikhala anamuperekeza Malizani mpaka kumsewu. M'ngalande munali mudakali nthambi za mango, masamba atauma n'kupiringizika.

"Zatheka," anatero Malizani. "Wamva wekha. Ankhoswe abwere."

"Ndamva."

"Ndiye bwanji nkhope ili choncho?"

"A Malizani," anatero Tikhala, ndipo Malizani anadziwa kuti ulemuwo si wabwino, "amalume akupatsani ine chifukwa simunama. Inu mwawanamiza atangoika akazi awo. Ndipo simunanamire ine. Mwanamira Pearl."

"Ndanamira mtendere."

"Mtendere wa meshi yofiira."

"Palibe chilichonse pakati pa ine ndi iye."

"Mwina palibe. Koma lero munali ndi mitu iwiri yoti muiteteze, ndipo chisoti mwaveka womwewuja."

Malizani ankayang'ana kumtunda, kumene msewu umatuluka m'minda ya tiyi. Tikhala anatembenuka.

Munthu ankatsika chitundacho akukankha njinga. Anali atavala chitenje chomangidwa mosazolowera, mpango kumutu, nsapato wamba. Pa handulo panalendewera nkhuku yoyera yomangidwa miyendo. Meshi yofiira inkaonekera pansi pa mpango.

Pearl anaima patsogolo pawo, thukuta lili pamphuno. Maso ake anali otupa.

"Achemwali, pepani maliro," anatero kwa Tikhala. "Sindikugona. A Mervin andiuza kuti lero a Malizani akuzengedwa mlandu wanga, ndipo kuti ukwati wanu utha chifukwa cha ine. Andiuza kuti chabwino n'kubwera ndekha. A Mwamadi andithandiza kupeza nkhuku. Ndabwera kudzauza amalume anu kuti ndinali ine."

"Pearl, bwererani," anatero Malizani. "Nkhani yatha."

"Yatha bwanji?"

Nkhuku inakupiza mapiko, niyambanso kulendewera.

Tikhala anayang'ana mtsikanayo. Sabata yonse ankafuna chinthu chimodzi, choti wina anene zoona pansi pa mpeyala uja. Tsopano zoonazo zinali zitabwera zokha, zitavala chitenje, ndipo zikangodutsa pa mpanda, Malizani sadzapondanso pakhomopo. Akazibweza, adzalowa m'banja atagwirizira bodza limodzi ndi mkazi amene ankamukayikira. Kanjira kolowera kunyumba kanali kakang'ono, ndipo iye ndiye anaima pakati pake.

Kumbuyo kwake kunamveka kukhosomola. A Andreya anali atafika pa mpanda, kapu ya thobwa ili m'manja, akuyang'ana mlendo ndi nkhuku yake.

"Tikhala," anaitana mofatsa, "mlendoyo wakankha njinga kuchokera kumtunda, ndi mwana waulemu. Bwanji ukumuimika pamsewu? Mulowetse."